Cola Copapa ca Amake Mwana: Msana ni Umodzi Cabe

Welengani manja anu, amai. Ni awili. Limodzi lagwila ka Junior kuti kasathamangile mu mseu, lina lifunafuna ndalama ya basi. Handibegi itsetseleka paphewa, pulasitiki ya mapampasi yaduka cogwilila, wamng'ono kumsana wayamba kulila, ndipo kondakita akuwa ati "kwelani tiyende, mami!" Ndiye cifukwa cake azimai a mu tauni ayamba kusiya handibegi na kutenga cola copapa, cija kale tinali kuona monga ni ca ana a sukulu na anyamata a malaputopu. Cimamasula manja, cimagawa kulema pa mapewa onse awili, ndipo masiku ano ziliko zokongola zakuti mungalowe nazo mu ofesi olo mu chechi popanda manyazi.

Koma mukalibe kutulutsa ndalama, pali nkhani imene ogulitsa sadzakuuzani. Zola zambili zimene muona pa Facebook na TikTok anazipangila mai wa kumaiko kumene mwana amayenda mu pulemu kapena pa kampando ka mu motoka, msana wa amake uli cabe. Kuno kwathu msana uli kale na mwini wake. Citenge cinafika poyamba, ndipo palibe cola cimene cidzacicotsa pa udindo.

Mwana ali pati?

Ili ndiye funso loyamba, osati mtundu kapena mtengo. Ngati mwana mukali kumupapa, cola canu cidzakhala kutsogolo, m'manja, kapena pambali nthawi zambili. Conco yang'anani cogwilila ca pamwamba. Kacingwe koonda kaja kokolowekela pa msomali si cogwilila. Mufunika cokhuthala, cosokedwa kawili-kawili, cimene zala zinai zilowa bwino ndipo sicidula khungu cola cikalema. Zola zina zili na zogwilila ziwili monga basiketi, zina zili na lamba lalitali lokoloweka lakuti mungaponye paphewa modutsa pacifuwa. Izi ndiye zoyenela mai wa citenge.

Cola cimene mufuna kugula, civaleni kutsogolo muli mu shopu mwamene. Ngati cikugundani pacibwano, kapena simuona mapazi anu, cisiyeni. Mu nyengo ya mvula mudzafunika kuona mwala umene mupondapo podumpha ngalande ku Kanyama kapena ku Chawama, ndipo kugwa na mwana kumsana si nkhani yoseka. Imwe amene muyamwitsa, mvelani mmene cikukanikizilani pacifuwa. Mabele odzala mkaka safuna kupanikizidwa na katundu kucokela ku Matero mpaka ku tauni.

Cina cimene ambili amaona mocedwa: mukavala cola kutsogolo, malamba ake amapita kumbuyo kwa mapewa, pamene pali nkhope ya mwana. Ana amakonda kuyamwa ciliconse cili pafupi na kamwa. Pitisani cala pa malamba onse. Tuzitsulo tonyezimila, tumapini tokongoletsa, mabakulo akuthwa m'mbali, zonse izi zingamukande patsaya kapena kucoka n'kulowa mkamwa. Malamba ansalu, ofewa, otambalala monga zala zitatu, ndiye abwino kwa imwe na kwa iye.

Mwana akayamba kuyenda, cola cimabwelela kumsana ndipo mumapumako. Koma mudziwa mmene zimakhalila. Kayenda mamita ocepa cabe, kaimilila, kakweza manja m'mwamba, "nipapeni." Apo cola cifunika kucoka kumsana msangamsanga, citenge cituluke. Conco citenge cikhale na malo ake pamwamba kapena m'thumba la kutsogolo, osati pansi pa zonse.

Cikulu si cabwino

Ukulu wa cola amaupima mu malita, ndipo zambili zimalembedwa pa kapepala. Pa ulendo wa tsiku limodzi na mwana mmodzi, ku kiliniki, ku chechi, kukaona ambuya, malita 15 mpaka 20 akwana. Ngati muli na awili amene akali kuvala matewela, kapena mumakwela basi pa Intercity kupita ku Chipata, mungafike pa 25. Kupitilila apo mwayamba kupikisana na ukwa bag.

Vuto la cola cikulu n'lakuti cimadzidzaza ceka. Malo akakhalapo, mudzaikamo nsapato zina, ka juzi kena, cidole, ambulela, ndipo pobwelela mudzaponyamo na tomato wa pa Soweto. Lita imodzi ya madzi imalema kilo imodzi. Ikani flasiki, botolo, ka poliji mu kontena, zovala, mapampasi na mawaipusi, muone kuti makilo afika pati, kuwonjezela pa mwana amene mwanyamula kale. Msana umene uwawa madzulo si ufiti, amai. Nyamulani cola cili cabe mu shopu. Ngati cilema cikalibe kanthu, cifukwa ca zitsulo na cikumba cokhuthala, ganizilani mmene cidzakhalila cikadzala.

Ndiponso kumbukilani minibasi. Pa mpando muli anai, mwana ali pamiyendo, cola cifunika kukwana pa bondo limodzi kapena pakati pa mapazi. Cola cotambalala kupitilila mapewa anu cidzamenya anthu kumaso polowa, ndipo mudzamva mau amene simunawapemphe. Sankhani cacitali pang'ono koma coonda, cimene cimaimilila ceka mukaciika pansi. Cola cimene cimagwa cammbali nthawi zonse ndiye cimakhuthula poliji pa zovala za ku chechi.

Zipi ndiye mtima wa cola

Zola zambili sizikufa na nsalu. Zimafa na zipi. Mudzaitsegula na kuitseka kangati patsiku? Nthawi zambili na dzanja limodzi, mofulumila, mwana akulila. Conco pa zipi m'pamene muyenela kutayila nthawi. Itseguleni na kuitseka kakhumi, na dzanja limodzi, ogulitsa olo akuyang'aneni na diso loipa. Ngati ikakamila pa kona, ngati idya nsalu ya mkati, ngati mano ake atseguka kumbuyo mukakoka mbali ziwili, musamvele zakuti "izafewa cabe mami, ni ya nyowani." Siidzafewa. Zipi ya mano akulu-akulu imalimba kupambana yoonda, ndipo mukaona zilembo YKK pa kokokela, dziwani kuti ni kampani ya ku Japan imene mazipi ake amadziwika padziko lonse kuti ni olimba, ngakhale kuti okopela nawonso saticedwela. Zokokela zikhale ziwili zokumana pakati: cimodzi cikafa, cina cidzakufikitsani kunyumba.

Yang'anani kamwa la cola. Cija cotseguka pang'ono pamwamba monga thumba la unga cimakucititsani kupisa dzanja mpaka m'cigongono, kufufuza mu mdima, mpaka mukhuthule zonse pa benchi ya ku kiliniki anthu akupenya. Cabwino n'cimene cimatseguka kwambili, muone pansi pake na maso. Zola zambili za ana masiku ano zili na waya m'milomo, zimayasama monga bokosi na kukhala conco. N'zothandiza, koma pindani wayayo pang'ono muone ngati ubwelela, ndipo fufuzani kumapeto kwake ngati sunayambe kubowola nsalu.

Zola zotseka na maginito cabe kapena na cingwe cokoka n'zokongola pa cithunzi. Pa City Market na mu Town Centre, ni mphatso kwa akawalala. Cola cikakhala kumsana simuciona, ndipo mai amene maso ake ali pa mwana ndiye amene anyamata aja amafuna. Funani cola cili na thumba lobisika kumbali imene imagunda msana wanu. Mmenemo ndiye mwa foni, reji, makadi a ku banki na ndalama ikulu. Ya basi na ya vitumbuwa ikhale kwina, m'kathumba kapafupi, kuti musamatsegule nkhokwe yonse pa gulu. Ndipo pa malo opanikizana, olo mwana sali kumsana, cola cibwele kutsogolo. Palibe amene adzakusekani. Na azibambo a masuti amacita cimodzimodzi.

Mkati: zakudya uku, zadothi uko

Ogulitsa amakonda kuwelenga matumba. "Matumba 16, mami!" Matumba 16 atanthauza malo 16 ofunamo makiyi. Cimene mufunika ni zigawo zitatu zimene sizikumana: zakudya, zovala zoyela, na zadothi.

Apa tikambe mosabisa. Tonse tikumbukila kolela imene inayamba mu October 2023, mmene National Heroes Stadium inasandukila cipatala, na mmene masukulu anacedwela kutsegula kuciyambi kwa 2024. Matenda otsegula m'mimba amayenda kucokela ku zonyansa kupita ku kamwa, ndipo cola ca mwana ni malo amodzi kumene thewela logwilitsidwa nchito na kapu yomwela zimagona moyandikana. Ku malo ambili kumene mupita kulibe bini yotayamo pampasi, mumabwelela nayo kunyumba. Cola cabwino cikhale na thumba la pulasitiki mkati, lotseka na zipi yake, kapena thumba lakunja la pansi, loikamo zonyowa na zadothi. Ngati cimene mwakonda cilibe, gulani kathumba kapadela kosalowa madzi, kamene mungatsuke na sopo madzulo alionse. Kasopo kang'ono kapena sanitaiza kakhale m'thumba lakunja, pamene dzanja lifika musanagwile cina ciliconse.

Nsalu ya mkati ikhale yowala mtundu, yotuwa kapena yacikasu, kuti kasokosi kakuda kaoneke. Ikokeni muone ngati ituluka panja monga thumba la thalauzi. Ngati ituluka, mudzakwanitsa kukutumula nyenyeswa za mabisiketi na kutsuka maheu amene anatayika. Ngati inamatidwa pansi, fungo la mkaka wowawasa lidzakhala na imwe mpaka mwana akayambe giledi wanu.

Kadi ya under-five ifunika nyumba yake. Mudzayenda nayo pa masabata 6, 10 na 14, pa miyezi 9 na 18, kuwonjezela pa sikelo ya mwezi na mwezi, ndipo mwina adzaifuna polembetsa sukulu. Mumadziwa nkhope imene anesi amapanga akaona kadi yonyowa, yopindika, ya mafuta a Vaseline. Thumba lathyathyathya la kumsana, lija anapangila laputopu kapena tabuleti, ndiye malo ake. Iikeni mu pulasitiki coyamba, pamodzi na kadi ya NHIMA ngati muli nayo.

Mankhwala, Panado wa ana, mapilisi anu a family planning, makobili na tumabatili tozungulila, zikhale m'thumba la zipi la mkati, pamwamba. Mwana wa zaka ziwili amaona cola ca amake monga shopu yake, ndipo mukatembenuka pang'ono cabe kupeleka moni kwa amake Mwansa, iye wayamba kale stock taking.

Manje za thumba lija lonyezimila mkati, la siliva, limene amati limasunga botolo lotentha. Limathandiza pang'ono, koma si flasiki ndipo si filiji. Kwa imwe amene mupatsa mwana mkaka wa m'citini, malangizo a World Health Organization ni akuti mkaka wosungunula kale usapitilile maola awili uli panja pa filiji, ndipo madzi osungunulila akhale owilitsa amene akali otentha madigili 70 kapena kuposa. Mu October wa Lusaka, botolo losungunula m'mawa n'kumwetsa masana ni kuitana matenda, olo thumba linyezimile bwanji. Nyamulani madzi otentha mu flasiki, ufa paokha, musungunule nthawi ikakwana. Kutanthauza kuti thumba la m'mbali lifunika kukwana flasiki yanu yeniyeni. Pitani nayo ku shopu mukayese. Matumba ambili a m'mbali ni osaya, mukawelama kumanga nsapato ya mwana, botolo lili pansi.

Za ka USB kolowetsa chaja, musalipile ndalama yapamwamba. Ni kacingwe cabe. Popanda power bank yanu mkati, kulibe malaiti amene adzatulukamo.

Dzuwa, fumbi na mvula

Cikumba cabodza cija conyezimila cimakopa maso, ndipo pa mwezi woyamba muoneka monga mwacokela ku Dubai. Cikakumana na dzuwa la September na October, na thukuta la kumsana, cimayamba kusenda monga njoka, poyamba pa malamba na m'makona, ndipo tuzidutswa twake tumamatila ku manja a mwana. Palibe telala amene angacikonze. Cikumba ceniceni cimakhala zaka, koma cilema ndipo sicikondana na mkaka wotayika. Kanivasi ni yolimba, koma ikanyowa imalema na kucedwa kuuma. Kwa mai wa ana ang'ono, nailoni kapena poliyesita yokhuthala ndiye yosavuta: yopepuka, mupukuta na kansalu konyowa, yauma. Mukaona nambala monga 600D pa kapepala, ikamba za kukhuthala kwa ulusi. Nambala ikakwela, nsalu nayonso imakhuthala.

Liu lakuti waterproof amalilemba pa ciliconse. Zola zambili zimakana mvula yowaza cabe. Cimvula ca January, madzi amalowela pa zipi na pa misoko. Yang'anani ngati zipi ili na kansalu koiphimba pamwamba, ndipo pansi pa cola pakhale nsalu yolimba kupambana kwina, cifukwa mudzaciika pa simenti yonyowa, pa fumbi la pa siteshoni, na pansi mu basi. Pulasitiki imodzi ikulu yopinda bwino m'thumba la m'mbali imagwila nchito imene waterproof wa pa kapepala walephela.

Nanga kuchena?

Kubala mwana sikutanthauza kuti mwasiya kukhala mkazi wodziwa kuvala. Cola ca pinki ca tuzimbalangondo cimakondweletsa pa baby shower, koma muciyese na suti ya ku nchito kapena na citenge ca ku maliro. Ndipo mwana akafika zaka ziwili, mudzacitaya cikali cabwino cifukwa mwatopa naco. Cola ni canu, si ca mwana. Sankhani mtundu umene ugwilizana na zovala zanu zambili. Coyela na ca kilimu, fumbi la August lidzacisandutsa cofiila mu sabata imodzi. Cakuda bii cimaonetsa fumbi na mkaka wouma kupambana mmene muganizila. Nevi, gile, khaki, maluni na gilini wakuda zimabisa zambili ndipo zimaoneka zaulemu kulikonse.

Pali na phindu lina la mtundu wofatsa: atate ake mwana. Mwamuna amene amakana kunyamula cola ca maluwa ati "anzanga azaniseka," alibe cokamba mukamupatsa ca nevi cooneka monga ca laputopu. Onani kuti malamba amatalika mokwanila mapewa ake. Ici ceka cingakucotseleni makilo angapo pa Sande iliyonse.

Ngati mufuna cosiyana na ca aliyense, matelala athu amasoka zola za vitenge zokongola kwambili, ndipo mungazione ku Kabwata Cultural Village kapena kupita na citenge canu kwa telala wa mu komboni. Koma citenge pacokha n'copyapyala, sicinyamula flasiki. Muuzeni aike nsalu yolimba mkati, siponji m'malamba na kumsana, pansi aikepo kanivasi kapena jini, ndipo zipi mukagule mweka ku Kamwala, ikulu, mumupatse m'manja. Ubwino wake ni wakuti matumba mumapanga mmene mufunila, thumba la kadi, thumba la flasiki yanu, cogwilila ca saizi ya dzanja lanu. Kwa ine, cola cotele cimapambana zambili za mu mashopu.

Kogula

Mu mamolo monga Manda Hill, Levy na East Park mudzalipila zambili, koma muli na lisiti, ndipo mungafunse za kubweza musanalipile. Ku Kamwala na ku COMESA kuli mitundu yosawelengeka ndipo mtengo ni wokambilana, koma zooneka zofanana sizifanana kulimba, conco maso na manja anu ndiye lisiti. Kokani malamba mwamphamvu pamene alumikizana na cola. Pafunika kukhala msoko wa bokosi kapena wa mtanda, wobwelezedwa. Ngati muona ulusi utanuka kapena kuwala kupita pa mabowo a singano, lamba ilo lidzaduka tsiku limene mwanyamula zambili. Zogula pa foni, kwa aja a pa WhatsApp na Facebook, pemphani vidiyo ya cola ceniceni, cotsegula, cili m'manja mwa munthu kuti muone ukulu wake, ndipo ngati n'kotheka mulipile cikafika.

Salaula musaipeputse. Pa Soweto, belo ya zola ikatsegulidwa m'mawa, mungapeze cola ca kampani yodziwika cimene cidzakhalitsa kupambana catsopano ca mtengo umodzimodzi. Ciyang'aneni ku dzuwa. Pitisani dzanja mkati: ngati nsalu imata kapena igwetsa tuzinthu toyela monga mfundu, pulasitiki yake yoteteza madzi yatha, ndipo siibwelela. Nunkhizani, fungo la nkhungu silicoka. Zipi yakufa kokokela cabe isakuopseni, osoka nsapato pa kona amasintha na ndalama yocepa, ndipo ni cifukwa cabwino cotsitsila mtengo. Mukafika kunyumba musaikemo ca mwana ciliconse. Citembenuzeni, mufufuze m'misoko ngati mulibe nsikidzi kapena mazila a mphemvu, mucicape na madzi otentha na sopo, ciume pa dzuwa tsiku lathunthu cili cotsegula matumba onse.

Kulikonse kumene mwasankha, tsiku logula pitani na mwana, citenge, flasiki na zonse zimene mumayenda nazo. Longani mu cola muli pamenepo, mupape mwana, muvale cola kutsogolo, muyendeko mpaka pakhomo na kubwela. Ndiyeno welamani monga mutola nsapato imene kagwetsa, ndipo na dzanja limodzi, tulutsani waipusi.